Zithunzi za Otsala: Cikondi ndi Kulekana m'Zojambula Zakale za ku India

Munthu akapita ku ulendo wautali nabwerako bwino, mudzi wonse umsonkhanira kuti umve za kumene anali. Iye afotokoza za mitsinje imene anaoloka, za nchito imene anagwira, ndi za mabvuto amene anakomana nao m'njira. Koma uja anatsala pakhomo, amene anali kuponya maso ku njira madzulo ali onse, kawirikawiri palibe womfunsa kanthu. Nkhani yace ikhala ngati palibe, pakuti kudikira sikuoneka ndi maso.

Ku dziko la India kunali amisiri amene anadzipereka kuti kudikirako kuoneke. Kwa zaka ngati 300, makamaka kuyambira ca m'ma 1550 kufikira ca m'ma 1850, amisiri awa anajambula zithunzi zikwi zambiri za anthu okondana. Codabwitsa ncakuti zambiri za zithunzi zao zokoma koposa sizionetsa okondanawo ali pamodzi ai. Zionetsa mmodzi yekha, ataima pakhomo kapena pamwamba pa nyumba, maso ali ku mitambo. Mafumu anataya cuma cambiri kuti akhale nazo zithunzi zotere, nazisunga monga asungira ngale. M'mene zinayambira, ndi cifukwa cace anthu anazikonda cotero, ndiyo nkhani ya lero.

Zithunzi za m'manja

Zithunzi zimenezi nzazing'ono, ndipo zambiri sizikula kuposa tsamba la buku la kusukulu. Sanazipange kuti zipacikidwe pakhoma. Anali kuzisunga m'mitolo yokulunga ndi nsaru, ndipo pa nthawi yopumula mfumu inali kuitanitsa mtolo umodzi, niumasula, nitenga zithunzi cimodzi cimodzi, kuziyang'anitsitsa pafupi, ndi kupatsira amene anakhala nayo. Pamwamba pa cithunzi, kapena kumbuyo kwace, kawirikawiri kunali kulembedwa ndakatulo imene cithunzico cinacokerako, kotero kuti munthu anali kuona ndi kumva nthawi imodzi.

Nchito yace inali yofuna kudekha. Mmisiri anali kumata mapepala angapo pamodzi kuti alimbe, nawakhula ndi mwala wosalala kufikira atanyezimira. Burashi yace inali ya ubweya wa ku mcira wa gologolo, ndipo ija yolembera nsidze ndi tsitsi inali ndi tiubweya towerengeka. Utoto anali kudzipangira yekha pamodzi ndi ana ace. Wakuda unacokera ku mwaye wa nyali. Wofiira ndi wobiriwira unacokera ku miyala yosinja. Wa mtundu wa thambo, umene unali wa mtengo wapatali, unacokera ku mwala wochedwa lapis lazuli, wokumbidwa m'migodi ya ku Badakhshan m'dziko la Afghanistan. Wina wacikasu wowala kwambiri unali kupangidwa ndi mkodzo wa ng'ombe zodyetsedwa masamba a mango. Zonsezi anali kusanganiza ndi utomoni wa mtengo kuti zigwire pa pepala. Pa mikanda ndi pa mphonje za zobvala anali kuika golidi weniweni, ndipo amisiri a ku Basohli anali kudula timapiko tobiriwira ta zikumbu ndi kutimata pa cithunzi kuti tioneke ngati miyala ya mtengo wapatali.

Ciyambi cace

M'zaka za m'ma 1000 ndi 1100 anthu a cipembedzo ca Buddha kum'mawa kwa India, ndi a cipembedzo ca Jain kumadzulo, anali kujambula kale tizithunzi pa masamba a migwalangwa amene analembapo mabuku ao opatulika. Pofika ca m'ma 1400 pepala linayamba kulowa m'malo mwa masambawo, ndipo amisiri anapeza malo otakasuka. Mu 1451, mu mzinda wa Ahmedabad m'dera la Gujarat, inajambulidwa nsaru yaitali yokulunga ngati mphasa, yochedwa Vasanta Vilasa, yonena za nyengo ya maluwa, za akazi opukwa amuna ao ali kutali, ndi za cimwemwe ca pobwera pao. Nsaruyo iri ku Freer Gallery mu mzinda wa Washington. Dera la Gujarat ndilo lomwe anacokerako amalonda Acimwenye ambiri amene anayamba kufika ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, m'zaka zoyamba za m'ma 1900.

Luso linakula kwambiri pa nthawi ya mafumu a Mughal. Mfumu Humayun, pobwerera ku Delhi mu 1555, inali ndi amisiri awiri a ku Persia, Mir Sayyid Ali ndi Abd al-Samad. Mwana wace Akbar, amene analamulira kuyambira 1556 kufikira 1605, anasonkhanitsa amisiri oposa 100, ambiri a iwo Ahindu, kuti agwire nchito pansi pa awiriwo. Iwo anajambula nkhondo, uzimba, nyama ndi nkhope za akuluakulu. Mafumu ang'ono a mtundu wa Rajput, a ku Rajasthan ndi a m'mapiri a m'munsi mwa Himalaya, anaona lusoli nalisirira, koma analigwiritsa nchito pa nkhani za kwao: za milungu yao, za nyimbo zao, ndi za cikondi.

Nanga kulekana kunawakhudza bwanji mtima cotero? Mbiri iyankha. Mafumu ambiri a Rajput anali akazembe a nkhondo a mafumu a Mughal, ndipo anali kutumidwa kutali kwa zaka zambiri. Man Singh wa ku Amber anatumikira ku Kabul, ku Bihar ndi ku Bengal, nafera ku Deccan mu 1614. Jaswant Singh wa ku Jodhpur anafera ku Jamrud, pafupi ndi mpata wa Khyber, mu 1678. Mfumu iri yonse inali kupita ndi asilikari, osamala akavalo, ophika ndi onyamula katundu, ndipo m'njira zomwezo munali kuyenda amalonda ndi ngamira zao. M'nyumba yacifumu ndi m'kanyumba ka mmphawi momwe munali mkazi wowerenga miyezi. Amisiri sanapeke bvutoli. Analipeza liri pakhomo.

Akazi asanu ndi atatu

Anthu ophunzira a ku India anali atayamba kale kusanthula cikondi monga sing'anga asanthula matenda. Buku la Natyashastra, lonena za masewero ndi magule, limene lakhala zaka ngati 2,000, linagawa akazi okonda m'magulu asanu ndi atatu monga mwa zimene ziwaonekera. Mu 1591 mlakatuli Keshavdas wa ku Orchha analemba buku la Rasikapriya m'cinenero ca Braj, cimene anthu wamba anali kucimva, nafotokozanso magulu omwewo. Bukuli linakhala ngati mgodi wa amisiri, ndipo analikumba kwa zaka zoposa 200.

Mwa akazi asanu ndi atatuwo, mmodzi yekha ndiye ali pa mtendere. Dzina lace ndi Svadhinapatika, ndipo amisiri amuonetsa atakhala pansi, mwamuna wace atagwada kumkongoletsa mapazi. Ena onse ali ndi kanthu kowasowa.

Vasakasajja wayala pa kama, wayatsa nyali, wabvala zokoma, ndipo waima pakhomo kuchera khutu ku mapazi. Utka wafika pa malo amene anapangana m'nkhalango, wayala masamba, koma nthawi yapitirira ndipo mtima wayamba kufunsa mafunso. Vipralabdha wadikira usiku wonse. Kunja kuli kuyera, ndipo iye ali kubvula mikanda ndi zibangiri ndi kuzitaya pansi. Khandita alandira mwamuna wace mbandakuca, maso a mwamunayo ali psu, pa nkhope pace pali utoto wa mkazi wina. Kalahantarita anakalipa, nampitikitsa mwamuna amene anadza kudzapepesa. Tsopano mwamunayo aoneka ali kuturuka ca m'mphepete mwa cithunzi, ndipo mkazi wawerama, dzanja liri pa tsaya, mkwiyo watha koma mau sabwezeka. Proshitapatika ndiye uja mwamuna wace ali ku dziko lakutali, ndipo alibe cocita koma kukhala.

Wotsiriza, Abhisarika, ndiye amene amisiri anamkonda koposa. Iye watopa nako kudikira, waturuka yekha pakati pa usiku kunka kumene kuli wokondedwa wace. Mvula iri kugwa, njoka ziri kukwawa pa mapazi ace, mizimu yoipa iri kusuzumira m'mitengo, cibangiri ca kumwendo cagwa m'matope, koma iye saceuka. Mphezi imene iopsa ena ndiyo imuunikira njira.

Keshavdas ananenanso kuti kulekana kuli kwa mitundu inai: kwa anthu amene aonana koma sanakomane, kwa amene ayambana, kwa amene alekanitsidwa ndi ulendo, ndi kwa amene ciyembekezo cao catha. Anawerenganso makwerero khumi amene munthu wopukwa atsika nao, kuyambira pa kulakalaka, nkhawa ndi kukumbukira, kupyola pa kubwebweta, misala ndi kudwala, kufikira pa imfa. Kupukwa kotere anthu a kumeneko akucha viraha.

Mitambo ya mvula

Munthu woona zithunzi izi koyamba adabwa kuti mitambo yakuda icuruka cotero. Cifukwa cace ndi nyengo ya dzikolo. Kumpoto kwa India mvula yaikuru igwa kuyambira ca mu Juni kufikira mu Sepitembala, ndipo masiku akale mitsinje ikadzala njira zonse zinali kufa. Asilikari ndi amalonda anali kuyesetsa kufika kwao mvula isanayambe. Cotero mkazi akaona mtambo woyamba mwamuna wace asanafike, anali kudziwa kuti miyezi ina itatu kapena inai yaonjezeka. Mvula imene ikondweretsa mlimi ndi ng'ombe zace, kwa iye inali ngati citseko cotsekedwa.

Mlakatuli wamkuru Kalidasa, amene anakhala zaka ngati 1,600 zapitazo, analemba ndakatulo yochedwa Meghaduta, ndiko kuti Mtambo Wamthenga. Inena za mtumiki wa mulungu wa cuma amene anapitikitsidwa kwao caka cathunthu cifukwa ca kulekerera nchito. Posowa womtuma, iye apempha mtambo wa mvula kuti upereke uthenga kwa mkazi wace, naulongosolera njira yonse, mapiri, mitsinje ndi mizinda. Kuyambira kale lomwe, tsono, mtambo ndi kupukwa zinayenda pamodzi m'maganizo a anthu a ku India.

Alakatuli ndi amisiri anali ndi zizindikiro zina zimene munthu ali yense anali kuzidziwa. Pikoko, mbalame ya mcira wautali wokongola, alira ndi kubvina pakuona mitambo, ndipo kulira kwace kulasa mtima wa wotsala. Khwangwala akalira pa denga anthu amati kudza mlendo, cotero mkazi aoneka ali kulankhula ndi khwangwala, kumfunsa ngati pali mau. Zibangiri zitsetsereka pa mkono cifukwa mwini wace waonda. Tsitsi limangidwa cingwe cimodzi, losadzola, kufikira adzabwere wolimasula. Mwezi, umene uziziritsa anthu ena, iye umuocha, ndipo anzace amzungulira, kumkupiza ndi kumpaka mankhwala ozizira a mtengo wa sandal.

M'buku lina, Kavipriya, la 1601, Keshavdas analemba za miyezi khumi ndi iwiri ya caka, ndipo amisiri anapanga magulu a zithunzi khumi ndi ziwiri ochedwa Barahmasa. M'cithunzi ciri conse mwamuna afuna kunyamuka, ndipo mkazi apeza cifukwa comletsera: mwezi uwu ngwa maluwa, uwu ngwotentha, uwu ngwa matope, uwu ngwozizira. Caka cikatha, sunapezeke mwezi ngakhale umodzi woyenera ulendo.

Ngakhale nyimbo anazijambula. Magulu ochedwa Ragamala, ndiko kuti mkanda wa nyimbo, kawirikawiri ali ndi zithunzi 36, ciri conse cionetsa mtima wa maimbidwe ena. Codziwika kwambiri ndi Todi: mkazi ali yekha m'chire ndi vina, coimbira ca zingwe conga zeze wamkuru, ndipo amene adza kudzamvera nyimbo yace ndi agwape okha. Gulu lina lakale la zithunzi zotere linajambulidwa mu 1605 ku Chawand, kumudzi wa m'mapiri kumene mafumu a Mewar anakhala atalandidwa linga lao la Chittor mu 1568. Iwonso anali anthu opukwa kwao.

Radha ndi Krishna

Pa zithunzi zambiri mwamuna ali ndi khungu la mtundu wa mtambo wa mvula, wabvala nsaru yacikasu ndi nthenga ya pikoko kumutu. Ameneyo ndi Krishna, amene Ahindu ampembedza monga mulungu Vishnu wobadwa m'thupi la munthu. Nkhani zao zinena kuti anakulira pakati pa abusa a ng'ombe ku Vrindavan, m'mphepete mwa mtsinje wa Yamuna, ndipo atsikana okama mkaka anamkonda. Koma tsiku lina anakwera gareta kunka ku Mathura, osabwereranso kudzakhala nao. Amene anamkonda koposa onse ndi Radha. Cifukwa ca khungu lace lija, mtambo uli wonse wakuda unali kumkumbutsa Radha za iye.

M'zaka za m'ma 1100 mlakatuli Jayadeva wa kum'mawa kwa India analemba Gita Govinda, buku la nyimbo 24. Nkhani yace njaifupi. Radha ampeza Krishna ali kusewera ndi akazi ena, nacoka ndi mkwiyo. Krishna azindikira kulakwa kwace. Awiriwo akhala padera, yense ali kubvutika, ndipo mnzace wa Radha ayenda uku ndi uku kunyamula mau. Potsiriza mulungu agwada pa mapazi a mkazi wokama ng'ombe kupempha cikhululukiro. Mbali yaikuru ya bukuli ndi kudikira. Kukomana kudza ku mapeto.

Kwa Ahindu opembedza, nkhaniyi iri ndi tanthauzo lakuya. Radha ndiye moyo wa munthu, Krishna ndiye mulungu, ndipo kupukwa kwa Radha ndiko ludzu la moyo wofuna mwini wace. Aphunzitsi ao, monga Chaitanya wa ku Bengal amene anabadwa mu 1486, anaphunzitsa kuti cikondi cioneka kukula kwace pa kulekana, pakuti munthu amene ali pafupi aoneka pa malo amodzi, koma amene ali kutali aoneka ponse ponse. Ndico cifukwa cace mkazi wodikira anajambulidwa ndi ulemu woyenera munthu wopemphera. Ndipo luso silinasankhe cipembedzo: Sahibdin, mmisiri wamkuru wa mfumu Jagat Singh ya ku Udaipur, amene anajambula Ragamala mu 1628 ndi Gita Govinda mu 1629, anali Msilamu.

Amisiri sanaiwale kuti wopita nayenso apukwa. Anamjambula Krishna atakhala yekha m'tsinde mwa mtengo, citoliro cace ciri cete. Anamjambulanso Rama, ngwazi ya buku la Ramayana, atakhala pa phiri ndi mng'ono wace Lakshmana, kulindira kuti mvula ithe kuti akafune mkazi wace Sita amene anabedwa.

Rupmati ndi Sohni

Nkhani zina zinali za anthu wamba a thupi ndi mwazi. Baz Bahadur, mfumu ya ku Malwa, anakonda woimba dzina lace Rupmati. Mu 1561 nkhondo ya Akbar, yotsogozedwa ndi Adham Khan, inamgonjetsa ku Sarangpur. Baz Bahadur anathawa, ndipo Rupmati, pokana kutengedwa ndi wogonjetsayo, anamwa ululu nafa. Mwamunayo anakhala ndi moyo, ndipo pambuyo pace analowa m'gulu la akuluakulu a Akbar yemweyo. Amisiri a m'zaka za m'ma 1700 anakonda kuwajambula awiriwo atakwera akavalo usiku, ali kuyang'anana, osasamala kumene akavalo ali kunka. Cithunzi ncacimwemwe, koma wociona adziwa mathero ace.

Ku Punjab kuli nthano ya Sohni, mwana wa woumba mbiya, amene anakwatiwa mokakamizidwa pamene mtima wace unali kwa Mahiwal, mbusa wa njati zoweta wa kutsidya la mtsinje wa Chenab. Usiku uli wonse Sohni anali kuoloka mtsinje atagwira mtsuko wooca bwino umene unali kumyandamitsa. Mlamu wace wamkazi atazindikira, anacotsa mtsukowo pa malo pamene unali kubisidwa, naikapo wosaocha. Mtsuko unasungunuka pakati pa madzi, ndipo Mahiwal anadziponya m'mtsinje namira naye pamodzi. Amisiri pafupifupi nthawi zonse anasankha mphindi imodzi: Sohni ali pakati pa mtsinje, wasiya gombe lina, sanafike ku linzace.

Banja la ku Guler

Zithunzi zofatsa koposa zonse zinacokera m'mapiri, ndipo zambiri zinaturuka m'banja limodzi. Ku Guler, dziko laling'ono la m'cigwa ca Kangra, kunali mmisiri Pandit Seu ndi ana ace awiri, Manaku ndi Nainsukh. Manaku anakhala kwao, ndipo mu 1730 anamaliza Gita Govinda ya utoto wowala ngati moto. Nainsukh anacoka ca mu 1740 kunka ku Jasrota, kumene anatumikira mwana wa mfumu dzina lace Balwant Singh zaka ngati 20. Anamjambula ali kulemba kalata, ali kumetedwa ndebvu, ali m'hema wa paulendo. Balwant Singh atamwalira mu 1763, Nainsukh anaperekeza phulusa la mbuye wace ku Haridwar, pa mtsinje wa Ganges, nalemba dzina lace ndi maina a makolo ace m'buku la ansembe a kumeneko. Anamwalira mu 1778, atagwiranso nchito ku Basohli.

Ana a abale awiriwa anaphatikiza mphamvu ya Manaku ndi kufatsa kwa Nainsukh, ndipo ca pakati pa 1775 ndi 1780 anajambula Gita Govinda ina imene odziwa ambiri aiyesa nsonga ya luso lonseli. M'masamba ace mtsinje wa Yamuna uyenda mwakacetecete pakati pa timapiri tobiriwira tonga ta kwao ku Guler. Radha akhala mbali iyi, mnzace ataweramira kwa iye. Krishna akhala mbali iyo. Pakati pao pali mitengo yowerengeka yokha. Pa pepala danga lace silikwana cikhato, koma lioneka ngati ulendo wa mwezi.

Mfumu Sansar Chand ya ku Kangra, imene inalamulira kuyambira 1775 kufikira 1823, inasonkhanitsa amisiri ambiri, ndipo dzina la Kangra linachuka nalo lusoli. Koma nkhondo ya Agurkha inazinga linga lace, ndipo mu 1809 Ranjit Singh wa ku Lahore, amene anadza kudzathandiza, anatenga lingalo. Mzungu wapaulendo William Moorcroft anaiona mfumuyo mu 1820, ulemerero wace utacepa, koma iri kusungabe amisiri ndi mitolo ya zithunzi.

Pa zonsezi pali cinthu cimodzi cosayenera kuiwalika. Amisiri odziwika maina ao pafupifupi onse anali amuna, ndipo ambiri ogula anali amuna. Akazi a m'nyumba zacifumu anali kukhala m'zipinda zochingidwa, ndipo ambiri sakanatha kuturuka usiku monga Abhisarika. Kudikira kweni kweni kunali ndi umphawi, matenda a ana ndi miseche ya anansi, zimene golidi wa pa cithunzi sanena. Ngakhale ziri tero, amisiriwa anacita cinthu cimene olemba mbiri ya nkhondo sanacite: anamuika wotsala pakati pa tsamba.

Kubalalika

Angerezi atatenga Punjab mu 1849, mafumu ang'ono anasauka, makamera ndi makina osindikiza anafika, ndipo ana a amisiri ambiri anafuna nchito zina. Pa 4 Epulo 1905 cibvomezi cinagwetsa mzinda wa Kangra, nicipha anthu ngati 20,000. Mitolo inayamba kumasulidwa ndi kugulitsidwa tsamba limodzi limodzi. Mu 1916 Ananda Coomaraswamy, wobadwira ku Ceylon, anasindikiza buku la Rajput Painting limene linadziwitsa maiko a kunja za zithunzi izi. India ndi Pakistan atagawanika mu 1947, cuma ca nyumba yosungira zakale ya ku Lahore cinagawidwanso, ndipo gawo la India liri ku Chandigarh. Cotero masamba a buku limodzi lero apezeka ena ku Lahore, ena ku Delhi, ena ku London kapena ku Boston. Pali Radha amene ali m'dziko lina pamene Krishna wa tsamba lotsatira ali m'dziko linanso. Maina a amisiri ambiri akanataika, koma mphunzitsi B. N. Goswamy anafufuza m'mabuku aja a ansembe a ku Haridwar ndi malo ena opatulika, ndipo mu 1968 anaonetsa kuti luso la m'mapiri linali kuyenda m'mabanja, kucoka kwa atate kunka kwa mwana.

Dziko la India liri kutali, ndipo milungu ndi zobvala za pa zithunzizi nzacilendo. Koma m'maiko muno, m'mene amuna ambiri anasiya midzi kunka ku migodi ya ku Kitwe, Luanshya ndi Mufulira, ena ku Wankie ndi ku Joni, ndi m'mene munabadwa mau akuti machona, mkazi woima pakhomo safuna womasulira. Amisiri a ku Udaipur ndi ku Guler anatenga utoto wa mtengo wapatali koposa, naupereka kwa munthu amene sanapite kuli konse, amene nchito yace yonse inali kukumbukira. Iwo anakhulupirira kuti ulendo uli ndi anthu awiri, wopita ndi wotsala, ndi kuti katundu wolemera sakhala pa mutu wa wopita nthawi zonse. Akuluakulu a kuno anati madzi saiwala khwawa. Zithunzi za ku India zikumbutsa kuti khwawalo nalonso limawerenga masiku.